Mvula ku paki ya zisangalalo: mizere imafupika kapena imatalika?

Make Thoko: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene munapitako ku mapaki akuluakulu a zisangalalo. Tikupita ku Orlando, ku Florida m'dziko la United States, ndi ana mu Julayi, ndipo matikiti a Walt Disney World tinagula kale. Ndikamayang'ana zanyengo pafoni, tsiku lililonse akuikapo kamtambo ndi mphezi. Alamu anga akuti ndisangalale chifukwa mvula ikagwa anthu amathawa, mizere imafupika, mumakwera chilichonse osadikira. Mnzanga wa kuntchito akuti ayi, tsiku la mvula ndi lotayika. Zoona zake ndi ziti? Ana akhala akuwerenga masiku, sindikufuna akakhumudwe.

Atate a Mapasa: Amayi, onse awiriwo sakunama, kungoti akunena mvula zosiyana. Pali mvumbi, uja woyamba m'mawa n'kumangowaza mpaka usiku. Palinso chimvula cha masana cha mabingu, chobwera mwaukali n'kupita. Ya ku Florida kuyambira Juni mpaka Seputembala ndi yachiwiriyi. Derali lili pakati pa nyanja ziwiri, Atlantic kum'mawa ndi Gulf of Mexico kumadzulo. Dzuwa likawotcha mtunda, mphepo yachinyezi imalowa kuchokera mbali zonse ziwiri n'kukakumana chapakati, komwe kuli Orlando. Mitambo imakwera msanga ndipo masana kapena chakumadzulo imagwa. Kawirikawiri m'mawa kumakhala kowala bwinobwino. Ndiye kamtambo ka pafoni kaja kasakuopseni, sikakutanthauza kuti kugwa mvula tsiku lonse.

Chifundo: Ine ndili mbali ya alamu anu. Ndinapita ku Disneyland ya ku California tsiku la mvula mu Januwale, paki inali ngati yathu tokha. Zokwera zimene anthu amadandaula kuti amaima ola lathunthu, ife timangolowa. Ndinanyowa ndithu koma sindinanong'oneze bondo.

Achimwene Limbani: Ndilowererepo, popeza ndinagwirapo ntchito yoyendetsa zokwera pa paki ina. Anthu ambiri akamaganiza za mvula amangowerenga mbali imodzi, yakuti anthu achepa. Amaiwala kuti zokwera nazonso zimachepa. Kutalika kwa mzere kumadalira zinthu ziwiri: anthu amene akufuna kukwera, ndi mipando imene ikuyenda pa ola. Mphezi ikayandikira, zokwera zonse za panja zimaima. Anthu amene anali m'mizere imeneyo sapita kwawo onse, amathamangira ku zokwera za m'nyumba.

Tiyerekeze chabe. Paki ili ndi zokwera 20 ndipo anthu amene ali m'mizere ndi 10,000, ndiye kuti chokwera chilichonse chili ndi anthu 500. Chimvula chayamba, zokwera 8 za panja zatsekedwa, anthu 2,000 atopa abwerera ku hotela. Otsala 8,000 agawane zokwera 12. Mwaona kuti tsopano chilichonse chili ndi anthu oposa 660? Anthu achepa, koma mzere watalika. Zili ngati kubanki akatseka mawindo ena, ngakhale makasitomala ena atuluke, otsalawo amadikirabe nthawi yaitali.

Ndiye funso lofunika si lakuti kodi kugwa mvula. Ndi lakuti kodi mvulayo ikhala ndi mphezi, ndiponso kodi anthu amene ali m'pakimo ndi otani.

Make Thoko: Achimwene, zoti "anthu ndi otani" mukutanthauza chiyani?

Achimwene Limbani: Ndikutanthauza zimene zinachitikira a Chifundo. Disneyland ya ku Anaheim ku California, imene inatsegulidwa mu 1955, ili pakati pa mizinda yodzaza anthu, ndipo ambiri amene amalowamo ndi a konko, ena ali ndi matikiti a chaka chonse. Munthu wotero akadzuka n'kuona kunja kwada, amangoti ndipita sabata yamawa. Sataya kanthu. Komanso kum'mwera kwa California mvula siigwa kawirikawiri, imabwera makamaka miyezi yozizira, ndipo mphezi si zambiri. Ndiye anthu amachepa kwambiri pamene zokwera zambiri zikuyendabe. Apo mizere imafupikadi.

Ku Orlando n'kosiyana. Banja ngati lanu lakwera ndege, lalipira hotela, matikiti ali ndi madeti ake. Kugwe mvula kusagwe, alowa basi. Avala mapulasitiki awo n'kupirira. Ndiponso mvula ya kumeneko imabwera ndi mphezi zambiri, dera limenelo ndi limodzi mwa madera amene mphezi zimagwa kwambiri mu United States monse.

Chifundo: Apo mwandithandiza. Ndimadabwa kuti bwanji msuweni wanga anapita ku Florida n'kudzandiuza zosiyana ndi zanga, mpaka tinatsutsana.

Alinafe: Ndiwonjezereko za zokwera zenizeni kuti a Make Thoko akonzekere. Walt Disney World ili ndi mapaki angapo mkati mwake. Ku paki ya Magic Kingdom, Big Thunder Mountain, Jungle Cruise, Astro Orbiter ndi tigalimoto ta Tomorrowland Speedway zimaima mphezi zikayandikira. Space Mountain ndi Haunted Mansion zili m'nyumba, zimayendabe. Ku EPCOT, Test Track imatseka msanga chifukwa gawo lake lothamanga kwambiri lili panja, koma Spaceship Earth ndi Soarin' sizikhudzidwa. Ku Animal Kingdom, Expedition Everest ndi Kali River Rapids zimaima. Musaiwalenso Skyliner, timabokosi tija toyenda pachingwe m'mwamba tonyamula anthu pakati pa mahotela ena ndi mapaki. Nato timaima, ndiye ngati hotela yanu imadalira timeneto mudzafunika kukwera basi.

Nzeru yanga ndi yakuti za panja zonse muzithane nazo m'mawa. Fikani geti lisanatsegulidwe. Za m'nyumba muzisungire masana.

Atate a Mapasa: Zoona, koma pali kachinthu. Aliyense amene wawerengako pang'ono amadziwa nzeru imeneyi, ndiye mvula ikangodontha onse amathamangira ku Haunted Mansion nthawi imodzi. Ine ndimayang'ana kumwamba komanso radar ya pafoni, mapu oonetsa kumene mvula ili. Ndikaona mtambo wakuda ukukula, ndimalowetsa banja pamzere wa m'nyumba mvula isanayambe, anthu akadali panja kujambulitsa. Mphindi 15 zokha zimasintha zinthu kwambiri. Kapena mungolowa m'zionetsero zokhala pansi, za m'maholo akuluakulu, chifukwa zimameza anthu mazanamazana kamodzi. Ana amapumako, mumauma, mukatuluka nthawi zambiri mvula yayamba kukata.

Chimene sindilangiza ndi kuganiza kuti nthawi ya mvula ndi yabwino kukadya. Aliyense amaganiza chimodzimodzi. Malo odyera ndi mashopu amadzaza mpaka kusowa poponda, anthu ena sakugula kanthu, akungousa mvula.

Mayi Nabanda: Ine ndili ndi dandaulo pa nkhani yotseka zokwerayi. Tinali pa paki ina, tinaima pamzere ndi adzukulu nthawi yaitali, titatsala pang'ono kukwera anangoti taimitsa chifukwa cha nyengo. Kumwamba dzuwa lili phwee, ngakhale dontho limodzi kunalibe. Adzukulu analira. Ndinaona ngati akungotizunza, kapena pali china chawonongeka akubisa.

Achimwene Limbani: Pepani amayi, zimapweteka ndithu, ndipo nkhope za ana zija ifenso zinkatikhudza. Koma ndikuuzeni mmene zimakhalira mkati. Woyendetsa chokwera sasankha yekha. Mapaki akuluakulu ali ndi anthu ndi zipangizo zoyang'anira pamene mphezi yagwa komanso kutalika kwake. Ikalowa m'dera limene anaika, foni ya m'kachipinda kathu imalira, mawu ake ndi achidule: imitsani kukweza. Pamenepo timatseka tizitseko, timadikira masitima amene ali panjanji abwere, timatsitsa anthu, kenako ndiye timalengeza. Ndikukumbuka kuti nthawi zina ndinkasuzumira kumwamba n'kuona kuli mbee, pamene anthu akundiyang'ana ndi maso ofiira. Pakangopita mphindi zochepa mphepo yozizira ija imayamba kuulutsa zipewa.

Mphezi imatha kugwa pamtunda wa makilomita 15 kapena kuposa kuchokera pamene mvula ikugwa. Ndiye ganizirani roller coaster, chokwera chija cha masitima othamanga panjanji yokwera ndi kutsika: ndi chitsulo chachitali kuposa chilichonse chozungulira, anthu amangidwa m'mipando, sangathawe. Magetsi atathima sitima ili pamwamba pa chikweza, kutsitsa anthu mmodzimmodzi pamasitepe kumatenga nthawi yaitali. Simungayambe ntchito imeneyo mphezi itafika kale. N'chifukwa chake amatseka kukadali kowala.

Akatswiri a zanyengo amalangiza kuti munthu adikire mphindi 30 kuchokera pamene wamva bingu lomaliza asanatuluke. Mapaki ali ndi malamulo awoawo, koma mfundo yake ndi yomweyo: mphezi ina ikagwa pafupi, kuwerenga kumayambiranso. Ndiye wantchito akakuuzani kuti sakudziwa nthawi yotsegula, sakukubisirani.

Mayi Nabanda: Zikomo mwana wanga, mwandifotokozera bwino. Mtima unali ukadali ndi kanthu. Komabe akanamatiuza chifukwa chake momveka, osangoti "nyengo".

Achimwene Limbani: Apo ndikugwirizana nanu kwathunthu. Munthu akauzidwa kuti mphezi yagwa pafupi amamvetsa.

Alinafe: Kwa ana amene amaopa mabingu, ine ndimawaphunzitsa kuwerenga. Mukaona kung'anima muyambe kuwerenga masekondi mpaka mumve kugunda. Masekondi 3 aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Mwana akamawerenga n'kuona kuti nambala ikukula, amadziwa kuti chimvula chikupita, mantha amachepa. Koma muziwerenga muli m'nyumba, osati pansi pa mtengo kapena pa kadenga kopanda makoma.

Make Thoko: Nanga ikakhala mvula chabe yopanda mphezi, ma roller coaster amayendabe?

Achimwene Limbani: Ambiri amayenda, koma zimatengera mmene anapangidwira. Pali mabuleki ogwira pofinya chitsulo cha pansi pa sitima, ndipo pali matayala amene amakankha sitima pa siteshoni. Zimenezi zikanyowa zimaterera, sitima imatha kupitirira pang'ono pamene imayenera kuima, kompyuta n'kuimitsa zonse. Pofuna kupewa zimenezo mapaki ena amachotsako sitima imodzi panjanji nthawi ya mvula. Apa ndi pamene anthu amanyengeka: mzere ukuoneka waufupi koma ukuyenda pang'onopang'ono, chifukwa m'malo mwa masitima atatu akuyenda awiri. Mabuleki a maginito savutika ndi madzi chifukwa sakhudzana ndi sitima, n'chifukwa chake zokwera zatsopano zambiri zimapirira bwino.

Chinanso, madontho a mvula pa liwiro la makilomita 80 kapena 100 pa ola amabaya kumaso ngati timiyala. Wamkulu amaseka, koma mwana wamng'ono akhoza kudana nacho chokweracho. Mukakwera mvula ikuwaza pewani mpando wakutsogolo.

Chifundo: Zoona zimenezo, maso sutsegula n'komwe.

Atate a Mapasa: Tsopano ndinene mbali imene alamu anu akulondola, Amayi, chifukwa ilipo ndipo ndi yokoma. Ndi nthawi imene mvula yangokata. Mabanja ambiri, makamaka a ana aang'ono, akanyowa amataya mtima n'kupita ku geti. Mudzaona chikhamu chikutuluka, tingolo ta ana titakutidwa mapulasitiki, nsapato zikulira madzi. Ambiri mwa amenewo sabweranso tsiku limenelo. Inu mukapirira, madzulo ake paki imakhala yopepuka, kutentha kuja kwatsika, pansi pakunyezimira ndi magetsi. Ana anga amakumbukira madzulo otero kuposa china chilichonse.

Chinsinsi ndi kukhala pafupi ndi chokwera cha panja chimene mukuchifuna kwambiri. Mukamva sitima ikuyenda yopanda anthu, dziwani kuti akuyesa, atsegula posachedwa. Amene ali pafupi amalowa osadikira. Pakangopita mphindi 20 apu ya pafoni ya pakiyo yauza aliyense, mzere wabwerera.

Achimwene Limbani: Atate anena zoona, ndipo ndiwonjezere chifukwa chimene mzerewo umabwerera mwamphamvu. Ku Disney kuli Lightning Lane, njira yolipira yodutsira mzere imene inabwera mu 2021 m'malo mwa njira yakale yotchedwa FastPass. Chokwera chikatsekedwa pa nthawi imene munthu anapatsidwa, amamupatsa mwayi wodzakwera nthawi ina. Ndiye chikatsegulidwa, anthu onse amene nthawi zawo zinadutsa chili chotseka amabwera pamodzi ndi a nthawi imeneyo. Antchito amayamba kulowetsa iwowo ambiri, mzere wamba n'kumangoima. Choncho ngati simunalowe m'mphindi zoyambirira, ndi bwino kupita kwina n'kudzabwera chakumapeto kwa tsiku.

Alinafe: Nkhaniyi imandisangalatsa chifukwa ukayenda umaona kuti omanga mapaki anaiganizira kalekale. Tokyo Disneyland inatsegulidwa mu 1983, ndipo msewu wake wolowera, World Bazaar, anaufolera ndi denga lagalasi chifukwa ku Japan mvula ndi yambiri, makamaka mu Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi. Disneyland Paris ya mu 1992 ili ndi tinjira tiwiri tofolera m'mbali mwa msewu wake waukulu wa Main Street, Liberty Arcade ndi Discovery Arcade, moti umatha kuyenda msewu wonse osanyowa. Kumalo kotero anthu anazolowera, mvula yowaza siwabweza kwenikweni.

Ndiye pali mapaki amene mbali yaikulu ili m'nyumba, monga Lotte World ku Seoul. Kumeneko nkhani imatembenuka: kunja kukagwa mvula, amene akanapita kwina amabwera konko. Munthu asamangoti mvula ndiye kuti anthu achepa, ayambe waona kuti pakiyo ndi yotani.

Wokonda Maulendo: Ndawerenga zonse, ndifunseko za ku Johannesburg. Ku paki ya Gold Reef City mu Disembala zimakhala bwanji?

Atate a Mapasa: Nyengo yake ikufanana ndi ya ku Florida pa mfundo imodzi: miyezi yotentha mvula imakonda kubwera masana ndi mabingu amphamvu, nthawi zina ndi matalala. Zokwera zake zazikulu monga Anaconda zili panja. Kusiyana kwake n'kwakuti pakiyo imatseka madzulo dzuwa lisanalowe, osati usiku ngati za ku Orlando, ndiye chimvula chikabwera mochedwa mulibe nthawi yambiri yobwezera. Fikani m'mawa, yambani ndi zazikulu.

Mayi Nabanda: Ine ndinene za thupi, poti enanu mukunena za mizere. Chimene chimathetsa tsiku si kunyowa malaya, ndi mapazi. Masokosi akanyowa n'kuyenda nawo maola ambiri, matuza amatuluka, mawa lake munthu sangayende. Tengani masokosi ena m'kathumba ka pulasitiki, kapena valani nsapato zotsegula zomanga bwino kuchidendene. Nsapato zonyowa usiku muzifwinyamo mapepala kuti zimwe madzi. Ambulera m'chikhamu imavuta, imabaya anzanu m'maso ndipo mphepo imaitembenuza. Poncho, chovala chija cha pulasitiki chotchinga mvula, ndiye yabwino, ndipo mugule musanalowe chifukwa mkati mtengo wake ndi wokwera. Kangolo ka mwana mukakasiya panja pokakwera, kafunditseni ngakhale kumwamba kuli koyera. Ndinaona mayi wina akubwera n'kupeza mpando wa mwana uli dziwe, thewera ndi zovala zosinthira zonse zili chonyowa, mwana ali m'manja akusinza. Anangokhala pansi.

Chinanso, m'nyumba zija amaziziritsa kwambiri. Mwana wonyowa akalowamo amanjenjemera. Kajuzi kopepuka kouma kamathandiza.

Make Thoko: Amayi zikomo, za masokosizo sindikanaziganiza. Nanga zinthu zikavuta kwambiri, ndalama amabweza?

Alinafe: Pa mvula wamba musayembekezere. Mapaki ambiri akuluakulu amatsegula kugwe kusagwe, ndipo tikiti sabweza chifukwa cha mvula. Ena ali ndi ndondomeko yopatsa munthu tikiti yodzabweranso ulere nyengo ikasokoneza kwambiri, mwachitsanzo SeaWorld ndi Busch Gardens. Koma kwa munthu wochokera kutali, tikiti yodzabwera tsiku lina ili ndi phindu pokhapokha ngati masiku akadalipo. Werengani malamulo a tikiti yanu musananyamuke, ndipo ngati n'kotheka siyani tsiku limodzi lopanda pulogalamu chakumapeto kwa ulendo.

Namondwe ndi nkhani ina. Nyengo yake ku Atlantic ndi kuyambira 1 Juni mpaka 30 Novembala, ndipo amachuluka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Walt Disney World, imene inatsegulidwa mu 1971, yatsekapo kangapo chifukwa cha namondwe, monga Irma mu 2017, Ian mu 2022 ndi Milton mu 2024. Zimenezo zimadziwika masiku angapo zisanachitike, sizikudzidzimutsani ngati chimvula cha masana.

Chifundo: Ndamvapo anthu akunena kuti masiku oyandikira namondwe ndiye abwino chifukwa paki imakhala yopanda anthu.

Atate a Mapasa: Anthu amachepadi chifukwa ambiri amasintha maulendo, koma ine sindingalangize munthu kukonza ulendo mwadala pa nthawi yotero. Ndege zimaimitsidwa, misewu imadzaza ndi anthu ochoka m'mphepete mwa nyanja, ndipo mahotela a ku Orlando amalandira mabanja amene athawa m'nyumba zawo. Antchito a m'paki nawonso ali ndi mabanja oti akawateteze. Ukakhala kuti wapezeka kale konko, tsatira zimene akuluakulu a boma ndi a hotela akunena.

Wokonda Maulendo: Funso lina. Manambala a mphindi amene amaonetsa pa apu, tingawakhulupirire nthawi ya mvula?

Achimwene Limbani: Nthawi ya mvula ndi imene amasokonekera kwambiri, chifukwa zinthu zikusintha msanga kuposa mmene nambala ikusinthidwira. Chimvula chikangoyamba, apu ikhoza kuonetsa mphindi 25 pa chokwera cha m'nyumba pamene chikhamu chalowa kale, inu n'kukapeza mzere watulukira panja. Mvula ikakata zimatembenuka, nambala imakhalabe pamwamba pamene anthu amwazikana. Khulupirirani maso anu, ndipo funsani wantchito amene waima pakhomo la mzere. Iyeyo amadziwa kuti mzere ukafika pa kona yakuti ndi mphindi zingati.

Onaninso ngati mzerewo uli ndi denga. Pali zokwera za m'nyumba zimene mbali ina ya mzere wake ili panja, ndiye mukhoza kuthawira kumeneko n'kukanyowa muli chiimire.

Make Thoko: Lomaliza, la mwana wanga wamkazi. Iye chimene akufuna kwambiri ndi perete wa masana ndi makombola a usiku. Zimenezo zimatheka mvula ikagwa?

Alinafe: Perete ndiye amavutika msanga. Ovina sangavine pamsewu woterera, zovala zawo ndi zolemera ndipo zina sizifuna madzi, ndiye amachedwetsa, amafupikitsa kapena amalephereratu. Ku Magic Kingdom nthawi zina amatulutsa kaperete kakang'ono ka tsiku la mvula, osewera atavala zamvula ali m'magalimoto ofolera. Popeza perete wamkulu amachitika masana, nthawi yomwe mitambo imakonda kusonkhana, muonereni tsiku loyamba limene kwacha bwino, musamusungire tsiku lomaliza.

Makombola amapirira kwambiri. Mvula yowaza siwaletsa, chimene chimawachedwetsa ndi mphezi kapena mphepo yamphamvu. Ndipo pofika usiku chimvula cha masana chimakhala chitapita nthawi zambiri. Pansi pamakhala ponyowa, ndiye poncho ija musaitaye, muyale kuti mwana akhalepo podikira.